Utsi wa kukhitchini ndi chifuwa cha mwana wakumbuyo

Mwana wa m'mudzi amayamba kupuma utsi asanalawe n'komwe phala. Mayi akamaphika, khandalo limakhala kumbuyo, lomangidwa bwino ndi chitenje, ndipo mayi akawerama kuti auzire moto, kankhope kake kamalowa momwe utsi ukukwerera. Zimenezi zimachitika m'mawa, masana ndi madzulo, chaka chonse. Ife ogwira ntchito m'zipatala timadzawaona anawa nyengo yozizira ikafika, mu June ndi July, mabenchi a ku sikelo atadzaza ndi ana otsokomola, ena akupuma mothamanga ngati athamanga mtunda pomwe sanayambe n'kuyenda komwe.

Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mabanja pafupifupi 77 pa 100 alionse m'Malawi muno amaphikira nkhuni, ndipo ena 18 amaphikira makala. Ophikira magetsi kapena gasi ndi ochepa kwambiri. Choncho nkhani ya utsi ndi ya pafupifupi khomo lililonse, ku Chitipa ngakhale ku Ndirande.

Tiyeni tione kaye zimene utsi umachita m'thupi. Mwaye umene mumauona utada bii kudenga la khitchini ndi gawo lolemera chabe. Gawo loopsa ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timadutsa m'mphuno osatsekerezedwa, n'kukafika pansi penipeni pa mapapo, m'timatumba momwe mpweya umalowera m'magazi. M'njira za mpweya muli tiubweya timene ntchito yake ndi kukankhira kunja fumbi ndi tizilombo. Utsi umafooketsa tiubweyati, umatupitsa njirazo, ndipo tizilombo toyambitsa chibayo timapeza khomo lotsekula. Mwana amapuma kambiri pa mphindi kuposa munthu wamkulu, mapapo ake adakali kukula, ndiye pa msinkhu wakewo amameza utsi wochuluka kuposa mayi ake amene akuphikawo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 utsi wa m'nyumba unathandizira imfa za anthu pafupifupi 3.2 miliyoni, ndipo oposa 237,000 mwa iwo anali ana osakwana zaka 5.

Makala ali ndi vuto lawolawo. Satulutsa utsi wambiri wooneka, n'chifukwa chake anthu amawaona ngati aukhondo, koma amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene ulibe fungo kapena mtundu. Mpweyawu umakanirira m'magazi pamalo pamene pamayenera kukhala mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, tulo, ndipo ngati chitseko ndi mawindo zili zotseka amatha kugona osadzukanso. Mbaula isamalowe kuchipinda chogona, ngakhale kuzizire bwanji, ngakhale m'nyumba muli khanda lamasiku limene mukufuna kulifunditsa. Mwana wakhanda amatenthedwa bwino pachifuwa cha mayi kapena cha bambo, khungu kukhudzana ndi khungu, atavala kachipewa.

Tsopano tifike pa mbaula zamakono, pomwe pali nkhani imene ambiri sanaimve bwino. Mu 2013 boma, pa nthawi ya Pulezidenti Joyce Banda, linalonjeza kuti pofika 2020 mabanja adzakhale ndi mbaula zosawononga nkhuni zokwana 2 miliyoni. Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dothi n'kuwotchedwa, inafalikira m'maboma ambiri, ndipo magulu a amayi oumba anapezapo ndalama. Uthenga umene unkayenda nayo unali wakuti imasunga mitengo komanso imateteza ana ku chibayo.

Mbali yachiwiriyi inayesedwa kuno komwe. Ku Chikwawa ndi ku Karonga kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa CAPS, wotsogoleredwa ndi akatswiri a ku Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a kuno. Anatsatira ana oposa 10,000 osakwana zaka 5 m'midzi 150. Midzi ina inalandira mbaula zapamwamba kuposa chitetezo, zokhala ndi kafani kouzira moto koyendera mphamvu ya dzuwa, pomwe ina inapitiriza kuphika pa mafuwa. Patapita zaka ziwiri anawerenga ana amene anadwala chibayo mbali zonse. Zotsatira zake, zimene zinatuluka m'magazini ya The Lancet, zinali zakuti panalibe kusiyana. Chimene chinachepa ndi ana opsa ndi moto.

Zimenezi zinakhumudwitsa ambiri, koma zifukwa zake n'zomveka kwa aliyense amene anakhalapo kumudzi. Mayi akalandira mbaula imodzi sataya mafuwa. Nsima ya banja la anthu asanu ndi atatu, madzi osamba, nyemba zimene zimafuna moto wa tsiku lonse, thobwa la pa chinkhoswe, zonsezi zimabwerera pa mafuwa. Mbaula zina zinawonongeka. Komanso mwana sapuma mpweya wa khitchini ya kwawo yokha. Amapuma utsi wa kwa aneba, wa zinyalala zowotchedwa kudzala, wa mapesi otenthedwa m'minda posaka mbewa, wa uvuni ya njerwa, wa fodya wa agogo, wa koloboyi usiku. Kuchotsa gawo limodzi la utsi wonsewu sikunakwane kusintha chiwerengero cha odwala.

Ndiye chitetezo mbaula tiitaye? Ayi. Ine ndimailimbikitsa, koma pa zifukwa zoona. Imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa, imayaka ndi tinthambi, zitsononkho ndi mapesi a nandolo, imanyamulika kupita nayo panja, ndipo moto umakhala m'kati moti mwana wokwawa sagweramo msanga. Amene anaonapo mwana wopsa ndi phala kapena wogwera pamoto akudziwa kuti ichi chokha n'chachikulu. Chimene sindifuna ndi mayi kuganiza kuti poti ali ndi mbaula ndiye kuti mwana wake watetezeka, n'kuchedwa kubwera naye kuchipatala.

Zoteteza mwana ku chibayo tikuzidziwa, ndipo zambiri n'zaulere. Katemera wa chibayo anayamba kuperekedwa m'Malawi mu November 2011, ndipo mwana amalandira ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Onani m'buku lake la kuchipatala ngati onse atatu analembedwa. Kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyambirira kumamupatsa mwana chitetezo chimene palibe mankhwala angafanane nacho. Mwana wonyentchera ndi amene chibayo chimamugwetsa msanga, choncho phala lake likhale ndi nsinjiro, soya, usipa wosinja kapena dzira, osati ufa woyera ndi mchere basi.

Kholo lililonse liphunzirenso kuwerenga mpweya. Mwana akamatsokomola, dikirani akhale phee, osalira, muvundukule pachifuwa, muwerenge kuti chifuwa chikukwera kangati pa mphindi imodzi yathunthu. Wotchi ya pa foni ikukwana. Khanda losakwana miyezi iwiri likafika 60 kapena kuposa, lapitirira. Wa miyezi 2 mpaka 11, malire ndi 50. Wa chaka chimodzi mpaka asanakwane zaka 5, malire ndi 40. Akafika pamenepo, pitani naye tsiku lomwelo kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena kuchipatala. Mukaona m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati akamakoka mpweya, kapena akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, akukomoka, kapena ali lefuu osadzuka bwino, musadikire kuche. Mankhwala a chifuwa a kugolosale sachiza chibayo, ndipo makapisozi otsala a munthu wamkulu si a mwana.

Kukhitchini nako kuli zotheka popanda ndalama. Nkhuni zouma zimatulutsa utsi wochepa kuposa zaziwisi, ndiye ndi bwino kuziwaza n'kuzisanja pamalo osanyowa dzinja lisanafike. Kunja kukacha bwino, phikirani panja kapena pa khonde. Khitchini ikhale ndi zenera kapena mpata pakati pa khoma ndi denga, mbali ziwiri, kuti mphepo izidutsa. Nyemba zikanyikidwa m'madzi usiku zimapsa msanga. Ndipo chonde, tileke kuyatsira makala ndi majumbo kapena zidutswa za matayala. Utsi wa pulasitiki ndi woipa kuposa wa nkhuni, ndipo umatuluka nthawi yomwe munthu wawerama pafupi akukupiza.

Langizo lalikulu pa onse ndi lakuti mwana asakhale kumbuyo pamene mayi akuphika. Kunena n'kosavuta. Tikawauza amayi zimenezi ku sikelo, yankho limabwera limodzimodzi: “Ndiye ndimusiyire ndani, adokotala?” Funso limeneli n'loona, ndipo limandivutitsa kuposa la mbaula. Mayiyo wachokera kumunda, watunga madzi, mwana akulira, bambo ali pa bawo kapena akumvera mpira pa wailesi akudikira nsima. Bambo, kunyamula mwana wanu kwa ola limodzi pamene moto ukuyaka ndi chithandizo cha chipatala chimene inuyo mungapereke popanda kulipira. Mutengeni mupite naye pansi pa mtengo wa mango, uko kulibe utsi. Palibe mwambo wa makolo umene umasweka pamenepo.

Nthawi zambiri amene amapatsidwa mwanayo, kapena mthiko umene, ndi mtsikana wa zaka 9 kapena 10. Yemweyo ndi amene amadzuka m'mamawa kukatola nkhuni, ndipo chaka chilichonse ulendowo ukutalika chifukwa mitengo yapafupi inatha. Amabwera atasenza mtolo wolemera, khosi likupweteka, afike kusukulu mochedwa kapena asapiteko. Ena amakumana ndi zachipongwe kutchire komweko ndipo sauza munthu. Mchimwene wake wa msinkhu womwewo amakhala ali ku mpira. Tikamadandaula kuti atsikana akusiya sukulu, tiziyamba tawerenga maola amene nkhuni ndi madzi zimawadyera. Mnyamata amene waphunzira kukoleza moto, kuphika ndiwo ndi kubereka mng'ono wake sataya chilichonse. Akadzakula adzadziwa kuwawa kwa utsi m'maso, ndipo pomanga nyumba yake sadzaiwala zenera la khitchini, pakuti makhitchini ambiri otsekeka amamangidwa ndi anthu amene saphikamo.

Pa za kutha kwa mitengo, mayi wa mtolo pamutu ndi amene amalozedwa chala, chonsecho iye amatola kwambiri nthambi zouma. Mitengo ikuluikulu yachilengedwe ikupita ku uvuni za makala, ndipo makalawo akudyedwa m'tauni. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene mzindawu umamwa, inafika poti boma linatumizako asilikali kukailondera. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, zilango zinakwera, koma matumba akulowabe m'mizinda usiku ndi usana, chifukwa wogula alipo. Wogulayo ndi ife a m'tauni, ena a ife tili ndi magetsi m'nyumba. Sindikuweruza mopepuka, pakuti magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu January 2022 ngakhale amene anali ndi kuka anabwerera ku mbaula. Kumanga munthu wa njinga wa matumba awiri sikungathetse zimenezi ngati mtengo wa gasi ndi silinda yake ukuposa zimene banja wamba lingakwanitse, ndiponso ngati magetsi sakudalirika pa ola lophika. Awa ndi mafunso ofunsa aphungu ndi makhansala, ndipo amayi ali ndi ufulu wowafunsa mokweza, pakuti ndiwo akupuma zotsatira zake.

Zimene mapiri opanda mitengo amachita tinaziona mu March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe. Anthu oposa 1,000 anamwalira m'chigawo cha kummwera. Mvula ija inali yoopsa payokha, ndipo sindinganene kuti mitengo ikanaletsa zonse, koma dothi lopanda mizu yoligwira limatsetsereka msanga. M'misasa ya othawa madzi, amene anadzaza anali amayi ndi ana omwewo.

Banja limene lili ndi kamunda lingathe kulima nkhuni zake. Nandolo amapereka ndiwo za mwana, amabwezera chonde m'nthaka, ndipo mapesi ake amayaka bwino mu chitetezo mbaula. Gliricidia amaphukanso akadulidwa, masamba ake ndi manyowa. Msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, choncho suphimba chimanga. Nsungwi za m'mbali mwa mtsinje zimagwira dothi komanso zimapereka zophikira. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 December mpaka 15 April, koma mbande zambiri sizifa nthawi imeneyo. Zimafa mu September ndi October, mbuzi zikamasulidwa, moto wolusa ukayamba, dzuwa likuswa mtengo. Ndi bwino kudzala mitengo 10 pafupi ndi nyumba, kuitchingira ndi minga, n'kugawira mwana aliyense, wamwamuna ndi wamkazi, yake yoti azithirira ndi madzi otsukira mbale, kusiyana ndi kudzala 200 kutali n'kukaiona chaka chamawa.