Miphika ya mafumu pa manda a Gharib Nawaz

Mwezi wa Rajab wa pa kalendala ya Chisilamu ukangooneka, mumzinda wa Ajmer ku Rajasthan, m'dziko la India, mumasowa poponda. Khamulo limabwera ku Urs, chikumbutso cha imfa ya Khwaja Moinuddin Chishti, shehe wa Chisufi (njira ya Chisilamu yotsindika kuyandikira Mulungu mumtima) amene anamwalira mu 1236. Osauka anamutcha Gharib Nawaz chifukwa ankawasamala. Amati anadzitsekera m'kachipinda kupemphera, ndipo atatsegula chitseko pa 6 Rajab anapeza atatsikira kulichete. N'chifukwa chake mwambowu umatenga masiku 6. Kulira kumachepa, poti kwa Asufi limeneli ndi tsiku limene munthu wa Mulungu anakakumana ndi Mbuye wake. Usiku wonse kumakhala nyimbo za qawwali, masana anthu n'kumayala nsalu ndi maluwa pamandapo.

Amene anakweza kwambiri Ajmer ndi mfumu Akbar ya ufumu wa Mughal. Itabereka mwana wamwamuna, Salim, mu 1569, inakwaniritsa lumbiro lake chaka chotsatira poyenda wapansi kuchokera ku Agra kukafika kumandawo, mtunda woposa makilomita 300. Mfumu yathunthu, fumbi lili mbuu kumapazi! Nduna ndi anthu achuma ataona zimenezo, nawonso anayamba kuthira chuma pamalopo. Mdzukulu wa Akbar, Shah Jahan, anamangapo mzikiti wa miyala yoyera.

Koma mphatso yomwe ikugwirabe ntchito ndi miphika. Akbar anapereka chimphika chotchedwa deg, chomwe chimalowa chakudya cha makilogalamu pafupifupi 4,800. Salim uja, atalowa ufumu n'kutchedwa Jahangir, anawonjezera china cha theka lake. Kuti usuzumiremo umachita kukwera masitepe. Munthu amene pemphero lake layankhidwa amagula mpunga, shuga, mafuta a mkaka ndi zipatso zouma. Ophika amasonkhezera moto usiku wonse akutakasa ndi mitengo italiitali, m'mawa n'kugawira aliyense. Nyama salowetsamo, ndipo zimenezi n'zanzeru ndithu: Mhindu amene sadya nyama amalandira gawo lake mopanda mantha, monganso Msikh ndi Msilamu. Ahindu ofika pamandapa ndi ochuluka zedi, ndipo nduna zazikulu za India zakhala zikutumiza nsalu yoyala pamanda nthawi ya Urs.

Si onse amene amakondwa nazo. Asilamu ena amati kupempha kudzera mwa munthu wakufa n'kusokera. Boma linalowererapo pa kayendetsedwe ka malowa ndi lamulo la 1955, lomwe linakhazikitsa komiti, pomwe mabanja a makhadimu, osamalira mandawo kuyambira makolo awo, akupitiriza kulandira alendo. Mu Okutobala 2007 bomba linaphulika m'bwalo la mandawo n'kupha anthu 3. Mu Novembala 2024 khoti la ku Ajmer linavomera kumva dandaulo la mtsogoleri wa gulu lina la Chihindu lonena kuti pansi pa mandawo panali kachisi wa Shiva, mulungu wa Ahindu.