Vuto si Audacity, ndi chipinda chanu

Oimba ambiri ku Chinamwali ndi ku Matawale amakhulupirira kuti chimbale chojambulidwa ndi pulogalamu yaulere chimamveka ngati wailesi yakutha mabatire. Si zoona. Ardour ndi Audacity, mapulogalamu aulere ojambulira mawu, amajambula pa 48 kHz (muyeso wa momwe kompyuta imatolera mawu) chimodzimodzi mapulogalamu ogula. Chowononga mawu ndi chipinda: simenti pansi, makoma osalala, malata pamwamba. Mawu amagunda khoma n'kubwerera mu maikolofoni, ndipo EQ, chida chokweza kapena kutsitsa mabesi ndi mawu opyapyala, singawachotse.

Imikani matiresi kumbuyo kwa woimba, pachikani mabulangete m'makoma, pansi yalani mkeka. Pakamwa patalikirane ndi maikolofoni masentimita 15. Mvula ya ku Zomba ikayamba kugunda malata, ingozimitsani, mudzajambule mawa.

China ndi gain, kutanthauza mphamvu ya mawu olowa kuchokera mu maikolofoni. Mita yoonetsa kukwera kwa mawu isafike pofiira. Mawu okwera kwambiri azithera pa -12 dB pa mitayo. Akapyola 0 amang'ambika, ndipo amavuta kuwakonza. Posakaniza, dulani ndi EQ za pansi pa 80 Hz (mabesi otsika kwambiri) pa mawu a woimba kuti besi ndi ng'oma zipume. Spotify, pulogalamu yomvera nyimbo pa intaneti, imatsitsa nyimbo zokwera kufika pa -14 LUFS (muyeso wa kukwera kwa nyimbo yonse), choncho kufinya kwambiri ndi limiter (chida chopanikiza mawu kuti nyimbo ikwere) n'kungotaya ukoma. Mastala, kutanthauza nyimbo yomalizidwa, musunge ngati WAV, fayilo yosataya ukoma wa mawu. MP3 ikhale ya pa WhatsApp.