Version 3.10 si 3.1, chonde tamvetsani

Ndatopa kumva olemba mapulogalamu akunena kuti version 1.10 ndi yakale kuposa 1.9. Ayi. Kadontho kameneko si ka masamu a kusukulu, kangolekanitsa manambala oima paokha, ndipo 10 amabwera pambuyo pa 9. Python 3.10 itatuluka mu 2021, anthu ambiri analemba 3.10 m'mafayilo a YAML (mafayilo ouza makina zoti achite) osaikutira ndi zizindikiro zogwira mawu. YAML inawerenga 3.1, makina n'kumakasakasaka Python ya mu 2009. Enanso amafananiza ma version ngati zilembo wamba, zotsatira zake "3.10" imaoneka yaing'ono kuposa "3.9". Musalembe nokha njira yofananizira. Ku Python kuli laibulale ya packaging yomwe imatsatira PEP 440, malamulo a Python a kalembedwe ka ma version, igwiritseni ntchito.

Koma vuto lenileni n'lakuti nambalayi ndi lonjezo, ndipo ambiri salisunga. Malamulo a SemVer (kalembedwe ka version ka manambala atatu, monga 3.3.5), omwe analemba Tom Preston-Werner, amati ukaswa chinthu chimene ena amadalira, ukweze nambala yoyamba. Yomaliza ija ndi ya kukonza zolakwika basi.

Izi zimapweteka kwambiri pa ma plugin, timapulogalamu towonjezera ntchito pa pulogalamu ina. Taonani pytest, chida choyesera code ya Python. Package iliyonse imene yadzilembetsa pa entry point ya pytest11, pomwe ma plugin a pytest amalembetsa, imatsegulidwa yokha pytest ikangoyamba, wosuta osaiitana, mwinanso osadziwa kuti ilimo m'kompyuta mwake. Ndiye inu mwini pulogalamu mukasintha dzina la function imene ma plugin amaitana, n'kungokweza kanambala komaliza, munthu wosalakwa amangoona zonse zagwa, uthenga wa cholakwika ukutchula plugin yomwe sanaimvepo. Ngati mwatsegulira ma plugin khomo, lembani poyera zimene angadalire, ndipo muchenjeze version imodzi kapena ziwiri musanachotse kanthu.

Nkhani imene imandisowetsabe mtendere ndi ya package ya event-stream ku npm, kosungira ma package a JavaScript, mu 2018. Mwini wake atatopa nayo anaipereka kwa munthu wosamudziwa amene anadzipereka kuti aziisamalira. Munthuyo anatulutsa 3.3.6, yomwe inkakoka package ina yotchedwa flatmap-stream, ndipo m'menemo ndi m'mene munabisidwa code yofuna kuba ndalama za Bitcoin kwa ogwiritsa ntchito Copay, pulogalamu yosungiramo Bitcoin. Kuchoka pa 3.3.5 kufika pa 3.3.6, nambala imodzi yokha, ya kumapeto. Aliyense amene analemba kachizindikiro ka ^ kutsogolo kwa version ndipo analibe lock file (fayilo yosunga version yeniyeni ya package iliyonse) anali atavomereza kale kulandira chilichonse chotuluka pansi pa 4.0.0. Panadutsa miyezi iwiri anthu asanazindikire. Ndimaganizira anthu amene anatsatira malamulo onse bwinobwino, koma nambala yomwe anaikhulupirira ndi imene inawapereka. Nambala imalemba munthu, palibe makina amene amatsimikiza kuti wanena zoona.

N'chifukwa chake ndimakwiya ndi asing'anga a pa intaneti amene mankhwala awo ndi amodzimodzi pa matenda onse: fufutani lock file, onjezani --force, lembani --legacy-peer-deps, kapena --break-system-packages pa pip. Chida chikakana kuika package, chimakhala chikukuuzani kuti zinthu ziwiri sizikugwirizana kapena zingasokonezane. Mukachitseka pakamwa, kusagwirizanako sikuchoka, kumadzaphulika pulogalamu ili kale m'manja mwa anthu. Lock file isungeni pamodzi ndi code yanu, ndipo ikasintha muiwerenge mzere ndi mzere monga muwerengera code ina iliyonse.

Musatengenso lock file ngati chilolezo chogona. Python 2 inasiya kusamalidwa pa 1 January 2020 anthu atachenjezedwa kwa zaka zambiri, komabe ena anadikira mpaka malaibulale awo onse atawasiya m'mbuyo. Amene wazengereza zaka zitatu sakweza package imodzi, amakweza makumi nthawi imodzi, ndipo chikasweka sadziwa chaswa n'chiti. Kwezani pang'onopang'ono, imodzi imodzi, mutawerenga changelog (mndandanda wa zosintha) ndi kuyendetsa ma test anu musanapite ku ina.