Kukwera m'mwamba n'kwina, kuzungulira dziko n'kwina

M'mawa wa pa 21 Juni 2004, m'chipululu cha Mojave ku California, ndege yotchedwa White Knight inanyamuka itafungatira kachombo kakang'ono kunsi kwa mimba yake. M'kachombomo munali munthu mmodzi yekha, a Mike Melvill, bambo a zaka 63 obadwira ku Johannesburg. Itafika makilomita 14 kuchokera pansi, ndege ija inakasiya kachomboko. A Melvill anayatsa injini ya roketi n'kulozetsa mphuno kumwamba. Injiniyo inabangula kwa mphindi imodzi ndi timasekondi, kenaka zii. Kachombo kanapitiriza kukwera ndi liwiro limene kanali katatenga kale, mpaka kunja kunada bii dzuwa likuswa mtengo. Pamenepo bambowa anapisa m'thumba, n'kutulutsa maswiti a M&M's, n'kuwamwaza. Palibe switi imene inagwa. Onse ankangoyandama pamaso pawo, ofiira, achikasu, obiriwira.

Tsiku limenelo kachomboko, kotchedwa SpaceShipOne, kanapitirira ndi mamita 124 okha malire a makilomita 100, pamene ambiri amati mlengalenga wayambira. Aka kanali koyamba kuti munthu afike mumlengalenga pa chombo chomangidwa popanda ndalama za boma lililonse. Ine ntchito yanga ndi yokonza ndege, ndipo tsikuli ndimalilemekeza kwambiri. Koma ndikamamva anthu akunena kuti kuyambira pamenepo anthu olemera analanda mlengalenga m'manja mwa maboma, ndimaona kuti nkhaniyi anaimva theka. Mipikisano inalipo iwiri, ndipo umene unatha mu 2004 unali waung'ono.

Tiyambe ndi waung'onowo. Mu 1996, a Peter Diamandis analengeza mphoto ya madola 10 miliyoni mumzinda wa St. Louis. Nzeruyi anaitenga ku mphoto ya Orteig ya madola 25,000, imene inachititsa Charles Lindbergh kuuluka yekha kuchokera ku New York mpaka ku Paris mu 1927. Malamulo anali omveka: mangani chombo chotha kunyamula anthu 3, chifike makilomita 100, chibwere bwinobwino, ndipo chomwecho chipitenso pasanathe masabata 2. Polengezapo ndalamazo n'kuti zisanapezeke. Zinadzakwanira patapita zaka, banja la Ansari litathandizapo, n'chifukwa chake mphotoyo inadzatchedwa Ansari X Prize. Magulu 26 ochokera m'mayiko 7 analembetsa.

Amene anapambana ndi a Burt Rutan, katswiri wopanga ndege, pogwiritsa ntchito ndalama za a Paul Allen, mmodzi wa oyambitsa Microsoft. A Allen analowetsa madola pafupifupi 25 miliyoni pofuna mphoto ya 10 miliyoni, kusonyeza kuti chimene ankafuna sichinali ndalamayo. Pa 29 Sepitembala 2004 a Melvill anaulukanso, chombo n'kupiringizika maulendo 29 chikukwera, koma anafika. Pa 4 Okutobala a Brian Binnie anafika makilomita 112, mphoto n'kutengedwa.

Chimene chimandigwira mtima pa chombo chimenechi ndi mmene chinkabwerera. Chinthu chikamagwa kuchokera kutali chotero, vuto lalikulu ndi kulowa mumpweya chitapendekeka, chifukwa chikhoza kusweka. A Rutan anapanga mapiko oti theka lakumbuyo, pamodzi ndi mchira, lizipindikira m'mwamba. Tengani chitsononkho, mubayemo nthenga za nkhuku mbali imodzi, muchiponye m'mwamba. Kaya mwachiponya motani, chimatsika mbali yolemera ili pansi, nthenga zili pamwamba. Ndi mmene SpaceShipOne inkatsikira, yokha kudziwongola popanda woyendetsa kulimbana nayo. Ikafika mumpweya wochindikala, mchira unkabwerera m'malo mwake, n'kutera ngati ndege wamba. Ikumbukireni nzeru imeneyi, tikumana nayonso.

Tsono makilomita 100 si patali. Ndi mtunda wofanana ndi kuchoka ku Lilongwe kupita ku Salima, kungouimika chilili. Chovuta pa ulendo wa mumlengalenga si kutalika kwake ayi, koma kukhalako. Mwala wa palegeni, ngakhale muukoke chotani, umakwera, n'kuima, n'kubwerera. SpaceShipOne inali mwala wotero: okweramo amayandama kwa mphindi 3 kapena 4, basi akutsika. Kuti chombo chisagwe, chiyenera kuthamanga cham'mbali mwa liwiro loopsa, moti pamene chikugwa, dziko nalo, poti ndi lobulungira, likhale likupendekera kutali nacho. Chimagwa ndithu, koma pansi sichipapeza. Uku ndiye kuzungulira dziko. Siteshoni ya ISS, momwe mumakhala akatswiri ochita kafukufuku, imene ili makilomita pafupifupi 400 m'mwamba, imayenda makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, n'kumazungulira dziko pa mphindi 90 zilizonse. SpaceShipOne inkafika pafupifupi 3,500 pa ola.

Wina anganene kuti ndiye tingochulukitsa mphamvu ka 8. Sizitero. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yofunika imawirikiza kanayi. Mukawerengetsa zonse, kilogalamu imodzi kuti izungulire dziko imadya mphamvu yoposa ka 30 poyerekeza ndi kungoikweza makilomita 100. N'chifukwa chake roketi ya Falcon 9 ya kampani ya SpaceX ponyamuka imalemera matani pafupifupi 550, ndipo magawo 9 mwa 10 a kulemerako ndi palafini woyengedwa bwino ndi okosijeni wamadzi. Pobwerera, mphamvu yonse ija iyenera kutayidwa, ndipo imasanduka moto. Kunsi kwa chombo kumatentha madigiri oposa 1,500. Nthenga za pachitsononkho sizingathandize pamenepo.

Mpikisano waukulu unali umenewu, ndipo sunayende ndi ndalama za m'thumba mwa munthu zokha. A Dennis Tito mu 2001 ndi a Mark Shuttleworth a ku South Africa mu 2002 anazunguliradi dziko atalipira okha, koma anakwera Soyuz, chombo cha boma la Russia. Iwo anangogula mpando.

A Elon Musk, obadwira ku Pretoria, anayambitsa SpaceX mu 2002 ndi ndalama zawo pafupifupi madola 100 miliyoni. Roketi yawo yoyamba, Falcon 1, inalephera maulendo 3 otsatizana pa kachilumba ka Omelek m'nyanja ya Pacific. Ulendo wachinayi, pa 28 Sepitembala 2008, unatheka kampani ili m'madzi ofika m'khosi. Chimene chinaipulumutsa chinabwera mu Disembala chaka chomwecho: bungwe la boma la America loona za mumlengalenga la NASA linaipatsa ntchito ya madola 1.6 biliyoni yonyamula katundu maulendo 12 kupita ku ISS. Ndipo kale mu 2006 NASA inali italonjeza madola 278 miliyoni othandizira kupanga roketi yaikulu ndi chombo cha Dragon.

NASA sinachite izi chifukwa cha chifundo. Zombo zake za Space Shuttle zinapuma mu Julayi 2011, ndipo kuyambira pamenepo dziko la America linalibe njira yake yotumizira anthu kumwamba. Linkagula mipando kwa a Russia, mtengo n'kumakwera mpaka kudutsa madola 80 miliyoni mpando umodzi. Mu Sepitembala 2014 NASA inasankha makampani awiri: Boeing inapatsidwa madola 4.2 biliyoni, SpaceX 2.6 biliyoni. Chatsopano chinali mtundu wa mgwirizano. Kale boma linkabweza zonse zimene kampani yawononga n'kuikirapo phindu, ndiye ntchito ikachedwa, kampani sinkamva kuwawa. Apa anagwirizana mtengo umodzi, monga mmene mumachitira ndi mmisiri womanga nyumba: ukachedwa kapena ukalakwitsa, uona wekha. Chombocho chikhala cha kampani, boma lizingolipira ulendo.

Pa 30 Meyi 2020, a Bob Behnken ndi a Doug Hurley ananyamuka ku Florida pa Crew Dragon, kukhala anthu oyamba kuzungulira dziko pa chombo cha kampani. Boeing, imene ambiri ankaidalira chifukwa cha ukale wake, inadzanyamula anthu mu Juni 2024, ndipo chombo chake cha Starliner chitavuta tinjini towongolera, a Butch Wilmore ndi mayi Suni Williams anakhala ku ISS miyezi 9 m'malo mwa masiku ochepa, n'kudzabwerera pa Dragon mu Malichi 2025.

Ulendo woyamba wozungulira dziko wolipiridwa ndi munthu, wopanda katswiri wa boma woyenda mumlengalenga ngakhale mmodzi, unachitika mu Sepitembala 2021. A Jared Isaacman anatenga anzawo 3 n'kukhala masiku 3 kumwamba. Kuchokera pa maswiti a Melvill panali patadutsa zaka 17. Ndipo chombo chimene anakwera ndi chija chinamangidwa ndi thandizo la misonkho ya anthu a ku America, n'kuyesedwa ndi mainjiniya a NASA. Sindikunena izi pochepetsa luso la SpaceX. Kutsitsa gawo loyamba la roketi n'kuliimika pa miyendo yake, monga anachitira koyamba mu Disembala 2015, ndi ntchito imene akatswiri ambiri ankati singapindule. Yatsitsa mtengo wotumizira masetilaiti, ndipo intaneti ya Starlink, imene inafika ku Malawi, Zambia ndi Mozambique mu 2023, ndi mwana wa maroketi obwerezedwawo. Ndikungofuna kuti tizitchula onse amene anasenza dengali.

Nanga mpikisano waung'ono uja unathera kuti? A Richard Branson anagula ufulu wogwiritsa ntchito nzeru za a Rutan mu 2004, n'kuyamba kugulitsa matikiti a kampani yawo ya Virgin Galactic pa madola 200,000, akulonjeza kuti maulendo ayamba m'zaka zochepa. Kuthamanga sikufika. Mu Julayi 2007 anthu 3 anafa ku Mojave thanki ya mpweya wa injini itaphulika poyesedwa pansi. Kenaka panabwera tsiku la 31 Okutobala 2014.

Tsiku limenelo SpaceShipTwo, chombo chatsopano chimene ankapangira Virgin Galactic, inasiyidwa ndi ndege yoinyamula, injini n'kuyaka bwinobwino. Kumanja kunakhala a Michael Alsbury, a zaka 39, woyendetsa wodziwa ntchito yake. M'timasekondi tochepa anayenera kutchula liwiro, kuwerenga mmene mchira wapendekera, ndi kukoka chogwirira chomasula loko wa mchira wopindika uja, zonsezi chombo chikunjenjemera ndipo thupi likukanikizidwira kumpando. Lokoyo ankayenera kumasulidwa liwiro litaposa la phokoso ka 1.4. A Alsbury anakoka lisanafike n'komwe pa liwiro la phokoso, nthawi imene mpweya umakankha mchira mwamphamvu zedi. Mchira unapindika wokha, chombo n'kusweka m'mwamba. A Alsbury anafa. Mnzawo a Peter Siebold anaponyedwa kunja ali pampando, pa makilomita pafupifupi 15, n'kutsika ndi parachuti atavulala kwambiri.

Bungwe lofufuza ngozi la NTSB silinathere pa kunena kuti woyendetsa analakwitsa. Linanena kuti opanga chombo sanaganizire zoti munthu mmodzi, ndi dzanja limodzi, akhoza kulakwitsa kamodzi n'kuwononga zonse. Mawu amenewa amandilasa chifukwa ndi phunziro loyamba pa ntchito yathu. Ndikagwira zingwe kapena zitsulo zowongolera ndege, sindiloledwa kutseka chitseko n'kunena kuti zatha. Mnzanga wachiwiri amabwera ndi tochi yake, n'kuyang'ana nati iliyonse, n'kuona ngati waya wotsekera wapotedwa koyenera, n'kugwedeza chiwongolero uku akuyang'ana ngati mchira ukupita mbali yoyenera, kenaka n'kusaina pansi pa dzina langa. Sikuti amandikayikira. Ndi chifukwa choti tonse timatopa, timafulumira, timaiwala. Ngoziyo itachitika, chombo chotsatira anachiika chotchinga choti loko asamasuke nthawi isanakwane. Kachipangizo kameneko kakanatha kuikidwa kale.

A Branson anadzauluka pa 11 Julayi 2021, kufika makilomita 86, kumene America imati ndi mumlengalenga chifukwa malire ake ndi 80. Patatha masiku 9, a Jeff Bezos anafika makilomita 107 pa roketi ya New Shepard ya kampani yawo ya Blue Origin, atatenga mayi Wally Funk a zaka 82, amene anapambana mayeso a oyenda mumlengalenga mu 1961 koma sanapatsidwe mpata chifukwa anali mkazi. Manyuzipepala anadzaza ndi funso la amene watsogola. Onse awiri anali miyala ya palegeni, mphindi zochepa zoyandama, n'kubwerera.

Chimene ndimafuna chikanakambidwa kwambiri ndi lamulo limene nyumba ya malamulo ya America inakhazikitsa mu Disembala 2004, miyezi 2 mphoto ija itatengedwa. Lamuloli linaletsa bungwe loyang'anira za ndege la FAA kuika malamulo atsatanetsatane oteteza okwera zombozi, ati kuti makampani ayambe aphunzira. Nyengo yophunzirayo inayenera kutha mu 2012, koma aitalikitsa kangapo. FAA imaonetsetsa kuti roketi isagwere anthu pansi. Za amene ali m'katimo, amangouzidwa zoopsa zake n'kusaina pepala lovomereza kuti akudziwa kuti boma silinatsimikize kuti chombocho n'chotetezeka.

Mu 2004 zimenezi zinali zomveka, poti okwera anali akatswiri oyesa ndege odziwa chimene akulowamo. Koma kuyambira 2021 akwerapo oimba, osewera mafilimu, agogo ndi achinyamata a zaka 18, ndipo sindikhulupirira kuti munthu wotero angathe kuyeza kuopsa kwa injini ya roketi powerenga pepala. Crew Dragon inadutsa m'manja mwa ofufuza a NASA kwa zaka zambiri isananyamule munthu, chifukwa amene ankalipira anali ndi mphamvu yofunsa mafunso ndi yokana. Wogula tikiti ya ulendo wa mphindi 11 alibe mainjiniya ake oti awatume kukayang'ana nati ndi tochi, ndipo lamulo limene lilipo panopa silimupatsa wina woti asaine pansi pa dzina la kampani.