Pepala limene ophunzira a UNZA anasaina mu 1971

Ku America kwavuta nkhani ya zimene yunivesite ya boma ingaumirize munthu kuvomereza asanalembedwe ntchito. Ku Texas anakhazikitsa lamulo mu 2023, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2024, loletsa mayunivesite a boma kupempha ofuna ntchito kuti alembe chikalata chosonyeza mmene amachirikizira mfundo zoti anthu a mitundu yonse aziimiridwa mofanana. Ena akuti lamuloli lateteza chikumbumtima cha mphunzitsi, ena akuti andale angolowetsa maganizo awoawo. Kuno ku Lusaka si nkhani yachilendo. Inachitika pa yunivesite ya Zambia (UNZA), m'mbali mwa msewu wa Great East, ndipo ena amene anaiona adakali moyo.

UNZA inatsegulidwa mu March 1966 ndi ophunzira 312, Chansela wake ali a Kenneth Kaunda. Mtsogoleri wa dziko, wa chipani cha UNIP ndi wa yunivesite anali munthu mmodzi. Mu 1967, ku msonkhano wa ku Matero, chipani chinavomereza Humanism kukhala chiphunzitso cha dziko. Pamsika ndi posakira basi anyamata a chipani ankatha kukufunsa khadi, koma pa kampasi ophunzira ankakana kuti chipani chiwalamulire.

Zinthu zinatembenuka mu July 1971. Ophunzira anapita ku ofesi ya kazembe wa France kukadandaula kuti dzikolo lalola South Africa kupanga ndege zankhondo za Mirage. Apolisi anawabalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi. A Kaunda atawauza kuti nkhaniyi awasiyire iwo, atsogoleri a bungwe la ophunzira la UNZASU analemba kalata yapoyera yowadzudzula kuti sakuima pa mfundo imodzi pa za South Africa. Apa anakhudza pachilonda, chifukwa mu April chaka chomwecho John Vorster, nduna yaikulu ya South Africa, anali ataulula makalata amene ankalemberana ndi a Kaunda. Otsatira UNIP anaguba kulowera ku kampasi, ndipo pa 15 July asilikali ndi apolisi anatseka yunivesite. Atsogoleri khumi a ophunzira anachotsedwa sukulu. Aphunzitsi awiri, Michael Etherton wa gulu la zisudzo la pa yunivesite la Chikwakwa ndi Andrew Horn, anathamangitsidwa m'dziko.

Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi njira yobwerera. Kutseka sukulu kunachititsa kuti aliyense apemphenso malo, ndipo wolandiridwa anayenera kusaina lonjezo lakuti adzangolimbikira maphunziro osachita chilichonse chofooketsa akuluakulu a yunivesite kapena boma. Vuto la pepala lotere lili pa liwu lakuti kufooketsa, lomwe lilibe malire. Kalata ya m'nyuzipepala, sewero, ngakhale funso m'kalasi zingalowemo, ndipo woweruza ndi yemweyo amene wadzudzulidwa. Mwana wochokera ku Katete kapena ku Lundazi, amene banja lonse likumuyang'ana ndipo ndalama za sukulu zikuchokera ku boma, sakanakana. Aphunzitsi akunja sanafunikire n'komwe kusainitsidwa, popeza chilolezo chawo chokhala m'dziko chinali m'manja mwa boma.

Zambiri zimene zinalembedwa pa masiku amenewa n'zochokera kwa anthu a pa kampasi, monga Michael Burawoy amene ankaphunzira pa UNZA nthawiyo, choncho zimamveka kwambiri ndi mawu a ophunzira. Boma nalo linali ndi mantha ake enieni: Rhodesia kum'mwera, Apwitikizi ku Angola ndi ku Mozambique, komanso a Simon Kapwepwe amene anatuluka m'boma mu August 1971 kukatsogolera chipani chatsopano chotsutsa cha UPP. Komabe achinyamata aja anatuluka kukatsutsa tsankho la ku South Africa, zomwe boma lomwelo linkalalikira tsiku ndi tsiku.

Zotsatira zake zinangoyenda m'njira yomwe inalambulidwa kale. Mu December 1972 dziko linakhala la chipani chimodzi. Mu February 1976 yunivesite inatsekedwanso ophunzira ataima ndi gulu la MPLA pa nkhondo ya ku Angola mosemphana ndi boma, ndipo aphunzitsi monga Lionel Cliffe ndi Robert Molteno anatsekeredwa m'ndende kenaka n'kuthamangitsidwa.

Malamulo a dziko a 1964 anali kale ndi ufulu wa chikumbumtima ndi wolankhula pamene ophunzira aja ankasaina. Chimene chinasintha UNIP itagwa pa chisankho cha 1991 ndi lamulo la yunivesite la 1992, lomwe linachotsa Pulezidenti pa mpando wa Chansela, n'kukhalapo a John Mwanakatwe. Koma pansi pa lamulo la maphunziro apamwamba la 2013, mamembala a khonsolo ya yunivesite ya boma amasankhidwabe ndi nduna.