Mmene ana a kunkhondo anabwezeredwa m'kalasi

Mu 2009 magazini ya Bessatsu Shōnen, ya kampani ya Kodansha ku Japan, inayamba kutulutsa manga (nkhani ya zithunzi zojambula) ya Hajime Isayama yotchedwa Attack on Titan. Nkhani yake ndi yoswa mtima. Anthu amakhala m'kati mwa malinga atatu, kunja kuli zimphona zodya anthu, ndipo mnyamata Eren amaona ndi maso ake mayi ake akudyedwa. Iye ndi anzake amayamba maphunziro a usilikali ali ndi zaka 12, ndipo ambiri amafa asanalawe ukulu.

Mu 2012, m'magazini yomweyo, Saki Nakagawa anayamba Attack on Titan: Junior High. Anthu ake ndi omwewo, koma tsopano avala yunifolomu ya sukulu, ndipo zimphona nazonso ndi ana asukulu a mbali ina ya mpanda. Eren amadanabe nazo kwambiri, chifukwa chimphona china chachikulu kwambiri chinamudyera nkhomaliro yake, nyama yogaya yokhala ndi tchizi. Mnzake Armin amabwera m'kalasi atadzifunditsa chofunda chogonera poopa kuzizira. Zingwe zomwe asilikali ankaulukira pomenya nkhondo zasanduka zida za kalabu yotsuka khoma la sukulu. Levi, amene ndi msilikali woopsa m'nkhani ya Isayama, amakwapula anzake ndi chokupizira cha pepala. Manga imeneyi inatha mu 2016 itakwana mabuku 11, ndipo kampani ya Production I.G inaipanga katuni ya pa TV ya magawo 12 mu 2015.

Mwambowu sunayambe ndi Nakagawa. Owerenga a ku Japan akhala akujambula okha timabuku totengera nkhani zomwe amakonda, n'kumagulitsa pa misika ngati Comiket, yomwe inayamba mu 1975 ku Tokyo. Mwa zomwe amakonda kujambula ndi kusamutsira ngwazi za kunkhondo kusukulu. Makampani ataona kuti anthu amazifuna, anayamba kuzisindikiza okha.

Chomwe chinaonetsa bwino mphamvu ya mwambowu ndi gawo lomaliza la katuni ya pa TV yotchedwa Neon Genesis Evangelion, lomwe linaulutsidwa mu 1996. Kwa mphindi zochepa, Shinji, mwana wokakamizidwa kumenya nkhondo, akuonetsedwa moyo wina. Asuka, mtsikana womenya naye nkhondo limodzi, akumudzutsa kuti asachedwe kusukulu, mayi ake amene anamwalira ali moyo kukhitchini, ndipo Rei, mtsikana wina womenya naye nkhondo limodzi, akuthamanga buledi ali kukamwa mpaka awombana ndi Shinji pamphambano. Anthu anaseka, komabe chinali chowawa, popeza aliyense ankadziwa kuti moyo umenewo Shinji sanaupeze. Kachigawo kameneko kanabala manga zathunthu, monga Angelic Days ndi Shinji Ikari Raising Project. Manga ina, Demon Slayer, nayo inayenda njira yomweyo: timasamba tanthabwala ta m'mabuku ake tinakula n'kukhala Kimetsu Academy, yomwe Natsuki Hokami anayamba kujambula mu 2021.

Ena amati zonsezi ndi malonda chabe, kukama ng'ombe imodzi mpaka mkaka kutha. Malonda alipodi, sindikana. Koma ine ndimaona kuti owerenga amene anatsatira ana awa mwezi ndi mwezi, n'kumawaika m'manda mmodzimmodzi, amafunitsitsa kuwaona akukangana pa za mayeso ndi chakudya. Marco, amene amafa msanga m'nkhani ya Isayama, kusukulu kuja ali moyo ndipo amacheza ndi mnzake Jean tsiku ndi tsiku. Amene sanawerenge nkhani yoyambayo sangamve chifukwa chake zimenezi zimakhudza mtima, ndipo nthabwala zambiri zimamudutsa.

Isayama mwini wake analowa nawo m'masewerawa. Kumapeto kwa mabuku ena a Attack on Titan ankajambula timasamba tonamizira kulengeza buku lotsatira, momwe Eren ndi anzake, Mikasa ndi Armin, ndi ana a sekondale ya ku America. Anapitiriza mpaka buku la 34, lomaliza, mu 2021.