Kanema wa Bush, kanema wa Hillary, ndi funso la buku lomwe linamasula matumba a ndalama

Chisankho cha ku America cha 2024 chitatha, nkhani imene inakana kuchoka m'kamwa mwa anthu inali ya ndalama. Elon Musk yekha anathira madola oposa 250 miliyoni pothandiza Donald Trump ndi chipani cha Republican, ndipo Kamala Harris naye anali ndi mabwana ake a matumba akuya. Odandaula onse amaloza chala chigamulo chimodzi cha bwalo la Supreme, cha mlandu wa Citizens United, cholola makampani kuthira ndalama zopanda malire pa mauthenga a chisankho, chimene chinakwanitsa zaka 15 pa 21 Januwale 2025. Lero mlanduwu umatchuka ndi mabiliyoni, koma amene anakasuma ananyamula kanema wa mphindi 90 basi, ndipo mkwiyo umene unabala kanemayo unayambira pa kanema wina, wonena za Pulezidenti George W. Bush.

Mu Meyi 2004, Fahrenheit 9/11 wa Michael Moore analandira mphoto yaikulu ya Palme d'Or ku Cannes, mphoto imene kanema wa zochitikadi anailandira komaliza mu 1956. Kampani ya Disney inali italetsa nthambi yake ya Miramax kugawa kanemayu, ndipo kuletsako kunangomutchukitsa. Atatuluka kumapeto kwa Juni anapanga madola oposa 119 miliyoni ku America kokha, ndi oposa 220 miliyoni pa dziko lonse.

Amene anamuonera amakumbukira chigawo cha m'kalasi ya ana ku Sarasota, m'chigawo cha Florida, m'mawa wa pa 11 Sepitembala 2001. Andrew Card, mkulu wa ogwira ntchito ku White House, akuwerama kunong'oneza Bush kuti ndege yachiwiri yagunda nyumba za World Trade Center ku New York. Bush akukhalabe pampando pafupifupi mphindi 7, milomo itapsinja, maso akuyendayenda, ana akupitiriza kuwerenga. Moore analekerera chithunzicho kuti chizipita, nthawi ikuoneka pa sikirini, iye akufunsira mumtima mwa Bush zimene mwina ankaganiza. Bush anafotokoza pambuyo pake kuti ankafuna kuoneka wodekha, asaopseze ana. Chithunzicho n'choona ndipo palibe anachitsutsa. Maganizo amene anaikidwa pamwamba pake ndi a Moore.

Pena kanemayu anapitirira pamene umboni unathera. Amapangitsa woonera kuganiza kuti abale a Osama bin Laden anathawitsidwa m'dzikomo mwachinyengo, pomwe komiti yofufuza za chiwembucho, mu lipoti lake la Julayi 2004, inati sinapeze umboni woti ndege zowatengazo zinanyamuka boma lisanatsegulenso mlengalenga. Koma misozi ya mayi wa ku Flint amene mwana wake anafera ku Iraq, ija sinali yopeka. Moore sanabise kuti akufuna Bush agwe. Mu Novembala Bush anapambana ndi mavoti 286 a nthumwi zosankha pulezidenti, kwa 251 a John Kerry.

Lamulo la McCain-Feingold la 2002 linkaletsa makampani ndi mabungwe a anthu apantchito kugwiritsa ntchito ndalama za m'thumba lawo lalikulu kuulutsa pa wailesi kapena pa TV uthenga wotchula wopikisana pachisankho, kukatsala masiku 30 kuti chichitike chisankho chachipulula, kapena masiku 60 kuti chichitike chisankho chachikulu. Atolankhani okha ndiwo linawasiya. David Bossie, mkulu wa kabungwe ka Citizens United, anakadandaula ku FEC, bungwe loona za ndalama za kampeni, kuti mauthenga otsatsa kanema wa Moore ndi kampeni yobisala. FEC inataya dandaulolo. Bossie ndi anzake anapanga kanema wawo woyankha, Celsius 41.11, koma FEC inawauza kuti iwo si atolankhani, popeza kupanga makanema sinali ntchito yawo ya nthawi zonse. Apa Bossie anali ndi chifukwa chopsera mtima: Moore akuyenda mfulu chifukwa ndi wamalonda, iye akumangidwa manja chifukwa ndi wandale, chonsecho onse akufuna chinthu chimodzi, kugwetsa munthu pachisankho. (Bossie yemweyu anasiya ntchito ku komiti ya nyumba ya malamulo mu 1998 chifukwa cha mkangano wa matepi a Webster Hubbell, mnzawo wa banja la Clinton, amene anatulutsidwa atadulidwa mokomera mbali imodzi. Luso lodula analidziwa kale.)

Anadikira mpaka Januwale 2008, pamene Hillary Clinton ankalimbana ndi Barack Obama pachipulula cha chipani cha Democratic, n'kutulutsa Hillary: The Movie. Kumuonetsa m'nyumba za kanema ndi kugulitsa ma DVD kunali kololedwa. Vuto linali madola 1.2 miliyoni amene ankafuna kulipira kampani ya TV kuti anthu azimuonera kunyumba mwaulere, pomwe kachigawo kochepa ka ndalama za bungweli kankachokera ku makampani ochita malonda. Oweruza atatu a ku Washington anati kanemayu sangamvedwe mwanjira ina koposa kuuza anthu kuti Clinton ngosayenera udindo. Citizens United inachita apilo.

Pa 24 Malichi 2009 mlandu unalowa m'bwalo la Supreme uli waung'ono. Ted Olson, loya wa Citizens United, yemwe anaimira Bush pamlandu wa chisankho cha 2000, ankangopempha kuti bwalo linene kuti lamuloli silikhudza kanema wautali amene munthu amachita kusankha yekha kuonera. Kenako anaimirira Malcolm Stewart, loya wa boma, munthu wa ntchito yake osati wandale. Woweruza Samuel Alito anamufunsa kuti: ngati boma lingaletse kanemayu, nanga buku lonena za moyo wa wopikisana pachisankho, lotsindikizidwa ndi kampani, lingaletsedwenso? Lamulo limene linali pamlandu silinkakamba za mabuku, ndipo loya wochenjera akanakakamira pomwepo osasuntha. Stewart anayankha zimene ankaona kuti ndi zoona: malamulo aakulu a dziko sangaletse boma kutero, ngati bukulo likuuza anthu woti amuvotere ndipo lalipiridwa ndi thumba lalikulu la kampani. Alito anati zimenezo n'zovuta kuzikhulupirira. Anthony Kennedy anafunsa za buku lowerengera pa Kindle. Mkulu wa oweruza John Roberts anamanga msampha womaliza: buku la masamba 500, ndipo kumapeto kwenikweni lalemba kuti voterani wakutiwakuti? Stewart anayesa kufotokoza kuti kampaniyo ingathe kulitsindikiza ndi thumba lake lapadera la ndale, koma anavomera kuti ndi thumba lalikulu boma lingaletse. Nkhani inafika pa mwana wakana phala. Kwa oweruza asanu, mlandu wa kanema unali utasanduka mlandu wa boma loletsa mabuku.

Zimene zinachitika kuseri kwa zitseko timazimva makamaka kwa mtolankhani Jeffrey Toobin, amene analemba mu 2012 kuti Roberts anayamba walemba chigamulo chochepa chongokhudza kanemayo, Kennedy n'kulemba china chogwetsa lamulo lonse, anzake n'kukhamukira kwa Kennedy. Akuti woweruza David Souter, yemwe ankapuma pantchito chaka chomwecho, analemba zotsutsa zoŵaŵa, zoti bwalo likuswa ndondomeko zake pogamula funso limene palibe analibweretsa, ndipo Roberts, poopa manyazi, analola kuti mlandu umvedwenso. Toobin sanatchule amene anamutsina khutu, ndipo zolemba za Souter zija sizinatsindikizidwe. Komabe zimene zili poyera zikugwirizana nayo. Pa 29 Juni 2009 bwalo linalamula kuti mbali zonse zibwerenso, ndipo funso linalilemba lokha: kodi zigamulo zakale zololeza boma kuletsa ndalama za makampani pazisankho, cha Austin cha 1990 ndi mbali ya cha McConnell cha 2003, zichotsedwe? Citizens United inali itasiya kale, ku bwalo laling'ono, pempho loti lamulo lonse ligwetsedwe.

Pa 9 Sepitembala anabwera Elena Kagan, loya wamkulu wa boma la Obama, n'kunena poyera kuti yankho la boma pa mabuku lasintha, ndipo FEC sinaletsepo buku. Roberts anamuyankha kuti ufulu wolankhula saupereka m'manja mwa makalaliki a FEC. Madzi anali atatayika kale.

Chigamulo chinatuluka pa 21 Januwale 2010, oweruza 5 kwa 4. Kennedy analemba kuti boma silingaletse mawu a ndale chifukwa chakuti wolankhulayo ndi kampani, ndiponso kuti ndalama zimene munthu wagwiritsa ntchito payekha, osapangana ndi wopikisanayo, sizibweretsa katangale. Mfundo yake si yachibwana: New York Times nayo ndi kampani, ndipo n'kovuta kunena pamene mtolankhani amathera ndi pamene wakampeni amayambira. Moore ndi Bossie ndi umboni wake. Woweruza John Paul Stevens, ali ndi zaka 89, anaŵerenga yekha m'bwalo mbali ya zotsutsa zake za masamba 90, lilime likumuvuta apo ndi apo. Anati kampani ilibe chikumbumtima, siponya voti, siima pachisankho. Ndipo anati oweruza asanuwo anasintha mlandu kuti apeze mpata wosinthira lamulo. Anaonetsanso njira zingapo zimene bwalo likanalolera kanemayo osagwetsa chilichonse. Miyezi ingapo pambuyo pake anapuma pantchito.

Zotsatira zinathamanga. Pa 27 Januwale Obama anadzudzula chigamulochi m'nyumba ya malamulo oweruzawo ali pomwepo, Alito akupukusa mutu. Mu Malichi bwalo la apilo, pamlandu wa SpeechNow, linatsamira pa mawu a Kennedy n'kulola magulu kusonkhetsa ndalama zopanda malire, ndipo ma super PAC anabadwira apo. Kunena zoona, munthu wolemera ankatha kale kuthira ndalama zake payekha kuyambira chigamulo cha Buckley cha 1976. Chatsopano chinali kusonkha pamodzi ndi kuloŵa kwa makampani. Pofika 2012 a Obama nawo anali ndi super PAC yawo, ndipo chaka chomwecho kanema wa Dinesh D'Souza womunyoza, 2016: Obama's America, anapanga madola oposa 30 miliyoni. Mitt Romney, amene ankapikisana ndi Obama, anagonjabe. Moore sanagwetse Bush, D'Souza sanagwetse Obama, ndipo Clinton mu 2008 anagwetsedwa ndi mavoti a chipani chake, kanema wa Bossie asanaonetsedwe pa TV ija. Mu 2016 Bossie anakhala wachiwiri kwa mkulu wa kampeni ya Trump, polimbana ndi Clinton yemweyo.

Funso limene linayambitsa zonsezi, loti Citizens United ndi atolankhani kapena ayi, linayankhidwa mwakachetechete mu Juni 2010, bwalo litagamula kale. FEC inaŵerenga makanema amene bungweli linapanga kuyambira 2004, n'kunena kuti tsopano kupanga makanema ndi ntchito yake ya nthawi zonse, choncho liyenera ufulu umene atolankhani ali nawo.